Mmene mungayambire PrEP ndi kupitiriza osasiyira panjira

Achinyamata ambiri dzina loti PrEP, mankhwala oteteza ku HIV, analimvapo, kaya pa wailesi kaya pa WhatsApp, koma ukafunsa kuti nanga amamwa bwanji, imayamba liti kuteteza, ukafuna kusiya umatani, apa nde mayankho amasowa, aliyense amangobwereza zomwe anamva kwa mnzake yemwenso anangomva kwa wina. Ine zimenezi zimandiwawa chifukwa mankhwalawa amagwiradi ntchito koma anthu akutengabe kachilombo njira yodzitetezera ilipo. A UNAIDS, bungwe la United Nations loona za Edzi, anawerengera kuti mu 2023 atsikana ndi amayi achichepere a zaka 15 mpaka 24 okwana pafupifupi 4,000 ankatenga HIV sabata iliyonse padziko lonse. Sabata iliyonse anzanga, osati pa chaka. Nde tiyeni tiikambe nkhaniyi mosapsatira mawu, kuyambira tsiku loganiza zoyamba mpaka tsiku losiya.

PrEP ndi mankhwala a munthu amene ALIBE kachilombo ka HIV. Umayamba kuwagwiritsa ntchito usanakumane nako, cholinga choti tsiku lomwe kalowe m'thupi kapeze mankhwala ali kale m'magazi ndi m'ziwalo zomwe kamalowerako, kalephere kuswana, kathere pompo. Pilisi lake limakhala limodzi koma mkatimo muli mankhwala awiri, tenofovir ndi emtricitabine, kwina mmalo mwa emtricitabine amaikamo lamivudine. Ndipo tisanamizane, amenewa ndi a banja limodzi ndi ma ARV. Kusiyana kwake nkoti amene ali ndi kachilombo nthawi zambiri amamwa mankhwala atatu ophatikiza ndipo ndi a moyo wake wonse, pomwe wa PrEP amamwa awiri basi, komanso pa nthawi yokhayo yomwe ali pachiopsezo. Si zachilendo ayi, ku America anavomereza pilisili mu 2012, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti aliyense amene ali pachiopsezo chachikulu azipatsidwa. Ukamamwa mmene akuuzira, mpata wotenga HIV pogonana umatsika ndi pafupifupi 99 peresenti. Koma ukamamwa mmene akuuziramo, osati mmene wakumbukira, ndipo pamenepo tifikapo chifukwa ambiri amagwera pomwepo.

Kodi ineyo ndikufunika PrEP?

Funso ili muliyankhe muli nokha phee, osati yankho lomwe mungapereke pagulu. Miyezi 6 yapitayi mwagonanapo pleni ndi munthu yemwe simukudziwa kuti magazi ake ali bwanji? Muli ndi zibwenzi zingapo, kapena inuyo muli ndi mmodzi koma mtima ukukuuzani kuti iyeyo ali ndi ena? Mwadwalapo chindoko, chinzonono kapena matenda ena opatsirana pogonana posachedwapa? Mukalawa mowa kondomu imaiwalika? Chibwenzi chanu ndi munthu wamkulu kwa inu, amakuthandizani ndalama, ndipo mukangoyambitsa za kondomu nkhope imasintha? Ndinu mwamuna yemwe amagonana ndi amuna anzake? Mumabwerekana masingano obayira mankhwala ozunguza bongo? Eya mmodzi yekha akukwanira kuti mupite mukafunse. Olo pa mafunso onsewa palibe lomwe lakukhudzani koma mumtima muli nkhawa, pitanibe, munthu akapempha yekha PrEP nthawi zambiri amakhala akudziwa chomwe akuopa ndipo safunika kuulula mbiri yake yonse kuti amukhulupirire.

Pali ena omwe wokondedwa wawo ali ndi kachilombo. Apa mumve bwino. Ngati iyeyo akumwa ma ARV mwandondomeko ndipo atayezedwa zaoneka kuti tizilombo tachepa mpaka sitikuonekanso m'magazi, sangakupatsireni pogonana, zimenezi zinatsimikizika. Koma akangoyamba kumene mankhwala zimatenga nthawi, pena mpaka miyezi 6, kuti afike pamenepo, nde PrEP imakugwirirani mpata umenewowo. Chimodzimodzi ngati amadumphitsa mankhwala, kapena zotsatira zake simunazionepo ndi maso anu.

Chomwe chimabweza anthu ambiri ndi maganizo oti ukayamba ndiye kuti mpaka kalekale. Ayi. Moyo wa wachinyamata umasinthasintha, pali nthawi yomwe uli mu chibwenzi chatsopano, wapita kusukulu kutali ndi kwanu, wayamba ntchito yoyendayenda, ndipo pali nthawi yomwe uli wekha osagonana ndi aliyense. PrEP ndi ya nthawi ya chiopsezoyo. Ikadutsa umasiya mwadongosolo, ikabweranso umayambanso.

Tsiku lopita ku kiliniki

Simufunika mawu ambiri. "Ndabwera kudzafunsa za PrEP" basi. Mukapeza kuti pamalopo palibe, funsani komwe ikupezeka, ndipo ngati kwanuko kuli malo othandizira achinyamata paokha yambani kumeneko chifukwa anthu ake anazolowera mafunso ngati anuwo.

Choyamba akuyezani HIV, ndipo ichi sichidumphidwa olo mutati munayezetsa mwezi watha. Chifukwa chake nchakuti munthu yemwe ali kale ndi kachilombo akamamwa PrEP amakhala akukapatsa mankhwala osakwanira, sikafa koma kamaphunzira kuwapirira, mawa akadzayamba ma ARV enieni ena mwa iwo osagwiranso bwino. Nchifukwa chakenso kubwereka mapilisi a mnzanu, kapena kugula kwa munthu wamba musanayezetse, ndi zoopsa zedi. Musayerekeze.

Akufunsaninso kuti mwagonana liti komaliza popanda kondomu. Apa nenani zoona chonde, olo manyazi akugwireni bwanji. Kachilombo kakangolowa kumene sikaoneka pa tesiti kwa masabata angapo, nde ngati masabata apitawa munali ndi kutentha thupi, zilonda zapakhosi, anabere, totupa pakhungu, kuphwanya thupi ngati chimfine chachikulu, anesi akuyenera kudziwa kuti aone ngati si HIV yongolowa kumene. Ndipo ngati zachitika mkati mwa maola 72 apitawa, chomwe mukufunika lero si PrEP koma PEP, mankhwala omwa zitachitika kale, yomwe ndaifotokoza kumunsiku. Kubisa tsiku limodzi lokha kutha kupangitsa kuti akupatseni mankhwala olakwika.

Zina zomwe angayeze ndi impso komanso matenda a chiwindi a hepatitis B. Tenofovir amatuluka m'thupi kudzera mu impso, nde amene ali ndi vuto la impso, shuga kapena BP anene. Kwa wachinyamata wosakwana zaka 30 yemwe alibe mavuto amenewa a WHO amati kuyeza impso si kokakamiza, nde kusowa kwa tesiti imeneyo kusakulepheretseni kuyamba. Za hepatitis B nkhani yake ndi iyi, mapilisi omwewa amapondereza kachilombo ka matendawa, nde munthu yemwe ali nako akasiya mwadzidzidzi chiwindi chitha kudwala kwambiri. Sikuti sangamwe PrEP, atha kumwa, koma posiya azisiya adokotala akumuona. Mutchulenso mankhwala ena aliwonse omwe mukumwa, makamaka a TB ndi a khunyu, chifukwa ena mwa amenewa monga rifampicin ndi carbamazepine amafooketsa PrEP ya jakisoni.

Kwa ang'onoang'ono, pilisili limafuna munthu wolemera makilogalamu 35 kupita mtsogolo. Zaka zomwe munthu angayambe payekha popanda chilolezo cha kholo zimasiyana dziko ndi dziko, funsani pomwepo.

Mukayamba mapilisi mudzabwereranso pakatha mwezi umodzi kukayezetsanso, kenako miyezi itatu iliyonse. Tsiku limenelo lilembeni mu foni musanatuluke pageti.

Kusankha njira yokuyenerani

Kale kunali mapilisi okha, pano njira zilipo zingapo ngakhale si zonse zomwe zafika paliponse. Langizo langa nlakuti musasankhe yomwe ikumveka yapamwamba, sankhani yomwe mukudziwa kuti inuyo, mmene mumadzidziwiramo, mukwanitsa.

Pilisi la tsiku ndi tsiku ndi lomwe limapezeka kwambiri. Limodzi patsiku, mwadya kapena simunadye zilibe kanthu. Kwa atsikana ndi amayi pamafunika masiku 7 otsatizana mukumwa kuti chitetezo chikwane, masiku amenewo gwiritsani kondomu kapena dikirani kaye. Ichi ambiri sachidziwa, amamwa pilisi loyamba masana madzulo omwewo nkumadziona ngati otetezeka. Silimaletsana ndi njira zolera, kaya mapilisi, jakisoni, implanti kapena lupu, ndipo woyembekezera kapena woyamwitsa atha kumwa, paja nthawi imeneyo ndi yomwe mpata wotenga kachilombo umakwera komanso mayi akatenga nthawi imeneyo mwana amakhala pachiopsezo chachikulu.

Kwa amuna pali kamwedwe kena kotchedwa 2-1-1, kabwino kwa amene sagonana pafupipafupi ndipo amadziwiratu. Umamwa mapilisi awiri nthawi imodzi pakati pa maola 2 ndi 24 musanagonane, limodzi patatha maola 24 kuchokera pa awiri aja, lina patatha maola 48. Tiyerekeze kuti mukumana Loweruka usiku, mwamwa awiri Loweruka 12 koloko masana, ndiye kuti Lamulungu 12 koloko limodzi, Lolemba 12 koloko lina. Mukagonananso Lamulungu musasiye Lolemba, pitirizani limodzi patsiku mpaka padutse masiku awiri chigonanirane komaliza. Koma ngati zanu zimangochitika mosayembekezera, 2-1-1 si yanu, maola awiri aja sapezeka. Ndipo kamwedwe aka si ka atsikana, mankhwalawa amachedwerapo kuchuluka m'ziwalo za mkazi nde masiku atatu sakwanira. Sikoyeneranso kwa omwe akumwa mahomoni achikazi a estradiol kapena omwe chiopsezo chawo ndi masingano.

Kenako pali mphete ya dapivirine, yomwe a WHO anaivomereza mu 2021. Ndi kamphete kofewa komwe mkazi amadziika yekha kumaliseche, kamakhala momwemo masiku 28 nkusintha. Sikachotsedwa pogonana, posamba m'thupi olo nthawi ya kumwezi, ndipo kamafuna maola 24 kali mkati kuti kayambe kuteteza. Ndinene mosabisa kuti mphamvu yake ndi yocheperapo, mu kafukufuku woyamba inachepetsa chiopsezo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, mu kafukufuku wotsatira kunaoneka kuti itha kupitirira theka. Imatetezanso njira ya kutsogolo yokha. Komabe kwa mtsikana yemwe sangasunge botolo la mapilisi pakhomo, theka ndi lalikulu kuposa kukhala opanda kalikonse.

Jakisoni wa cabotegravir, ena amangoti CAB-LA, anavomerezedwa ndi WHO mu 2022. Amabaya pathako, wachiwiri patatha mwezi umodzi, kuchoka apo miyezi iwiri iliyonse. Mu kafukufuku wa amayi opitirira 3,000 m'mayiko 7 a mu Africa, omwe ankabayidwa anatenga kachilombo mochepa ndi pafupifupi 89 peresenti poyerekeza ndi omwe anapatsidwa mapilisi, ndipo chifukwa chachikulu sichinali choti mapilisi ndi ofooka ayi, koma choti ambiri sankamwa tsiku lililonse. Pobayapo pamawawa masiku angapo, makamaka majakisoni oyambirira.

Watsopano kwambiri ndi lenacapavir, jakisoni wa kawiri pachaka. Amabaya pansi pa khungu, nthawi zambiri pamimba, ndipo poyamba umamwanso mapilisi awiri tsiku loyamba ndi awiri tsiku lachiwiri kuti mankhwala akwere msanga, amenewo osawadumpha. Zotsatira za kafukufuku wotchedwa PURPOSE 1 yemwe anachitika ku South Africa ndi Uganda pakati pa atsikana ndi amayi a zaka 16 mpaka 25 zitatuluka mu 2024, mwa 2,134 omwe anabayidwa panalibe olo mmodzi yemwe anatenga kachilombo. A WHO anauvomereza mu July 2025. Pobayapo pamatha kutsala kachotupa kolimba pansi pa khungu komwe kamatenga nthawi kuti kathe, musadabwe nako. Ngati kwanuko sunafike musakhale chodikira, yambani ndi chomwe chilipo, mudzasintha ukadzafika.

Kupitiriza, pomwe pagona nkhani

Kuyamba nkosavuta, mwezi wachiwiri ndi wachitatu ndi pomwe anthu amathera. Panali kafukufuku awiri akuluakulu a amayi mu Africa, FEM-PrEP ndi VOICE, omwe zotsatira zake zinaoneka ngati mapilisi sakugwira ntchito. Atayeza magazi a omwe ankati akumwa tsiku lililonse, ambiri mwa iwo mankhwala munalibe m'thupi. Sindikuwaweruza ayi, kumwa mankhwala usakudwala nkovuta, palibe chikukuwawa choti chikukumbutse. Koma neti yomwe ili mu paketi siitchinga udzudzu, ndipo PrEP ya mu botolo ndi chimodzimodzi.

Nde chitani izi. Limangirireni pilisilo ku chinthu chomwe mumachita kale tsiku lililonse osaganiza, kutsuka mano, kutchaja foni usiku, kaya kuvula nsapato mukafika, ndipo botolo likhale pafupi ndi chinthucho. Ikani alamu ndipo muipatse dzina lomwe mukulidziwa nokha ngati simufuna anthu aone. Sankhani nthawi yomwe olo pa wikendi mumakhala muli maso komanso mutu uli bwino, ngati Lachisanu usiku simudziwika komwe muli nde usiku si nthawi yanu, imwani mmawa. Mu chikwama muzikhala mapilisi awiri atatu mu kachidebe kouma kotsekeka bwino kuti mukagona kwina musaphonye, otsalawo asiyeni mu botolo lake lomwe, kutali ndi dzuwa ndi chinyontho. Ndipo musadikire pilisi lomaliza, kwatsala a sabata imodzi pitani mukatenge ena.

Masabata oyamba pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 amamva mseru, mutu, m'mimba kuchita phokoso kapena kutsegula pang'ono. Ambiri amasiyira pamenepa poganiza kuti mankhwala awakana, chonsecho zimatha zokha, kawirikawiri mwezi usanathe. Kumwa mutadya kapena pogona kumathandiza. Mukasanza nkuliona pilisi latuluka, dikirani mseru udikhe mumwe lina. Zikapitirira mwezi kapena zikakula, bwererani ku kiliniki mukanene, osangosiya chamumtima. Zomwe zimamveka zoti PrEP imatseka kubereka kapena imachepetsa mphamvu kuchipinda ndi zabodza.

Mwaiwala? Imwani pomwe mwakumbukira ngati likadali tsiku lomwelo, mawa pitirizani mwa nthawi zonse. Kuphonya tsiku limodzi mwa apo ndi apo sikugwetsa chitetezo chonse ngati masiku enawo mumamwa, nde musataye mtima nkuti basi zawonongeka. Koma mukadumpha masiku angapo otsatizana dziwani kuti chitetezo chatsika, muyambirenso kuwerenga masiku 7, ndipo ngati mkati mwa masiku odumphawo munagonana pleni, thamangani ku kiliniki mukafunse za PEP.

Mowa suletsana ndi PrEP. Ndikubwereza chifukwa pali anthu omwe amasiya dala kumwa pilisi Lachisanu poopa kusakaniza ndi mowa, ndiye kuti akuchotsa chitetezo pa tsiku lenileni lomwe akuchifuna kwambiri. Imwani pilisi lanu. Vuto la mowa ndi kuiwalitsa basi.

A jakisoni nanu muli ndi ntchito yanu, yomwe ndi tsiku lobwerera. Pa cabotegravir pali mpata wa masiku 7 kutsogolo kapena kumbuyo kwa tsiku lanu, pa lenacapavir masabata awiri. Mukadziwa kuti mudzakhala pa ulendo kapena pa mayeso nenani pasadakhale, atha kukubayani msanga kapena kukupatsani mapilisi ogwirizira.

Tsopano nkhani ya anthu, yomwe kwa ambiri ndi yolemera kuposa mseru. Botolo la PrEP limafanana ndi la ma ARV, likagwedezeka limalira, ndipo mnzanu wa mu hositelo kapena mchemwali wanu akaliona atha kuyamba kufalitsa zoti muli ndi kachilombo. Ena amati ukamwa PrEP ndiye kuti ndiwe woyendayenda. Ine ndimaona mosiyana, munthu yemwe wakhala pansi nkuvomereza mmene moyo wake ulili nkupita yekha kukayezetsa ndi munthu wosamala, ndipo kunyoza omwe amamwa ma ARV nakonso ndi khalidwe loipa lomwe likupangitsa anthu kuopa ngakhale mankhwala odzitetezera. Simukakamizidwa kuuza aliyense. Koma mukapeza munthu mmodzi womukhulupirira muuzeni, kumwa mobisa kwa aliyense kumatopetsa ndipo amene akudziwayo ndi amene adzakukumbutseni tsiku la ku kiliniki.

Wokondedwa wanu muwauze kapena ayi? Mukudziwa ndinu. Ngati ndi munthu womva, kunena nokha kuli bwino kusiyana nkuti adzalipeze botolo mu chikwama. Mutha kunena kuti "ndayamba kumwa mankhwala oteteza ku HIV, ndinayezetsa ndilibe, ndikufuna zikhale choncho kwa tonse awiri, tiye nawenso ukayezetse." Muyambe ndi zotsatira zanu chifukwa funso loyamba m'mutu mwake likhala limenelo. Akati ndiye kuti sukundikhulupirira, yankho nlakuti thupi ndi langa ndipo kudzisamala sikutukwana munthu. Koma ngati ndi munthu woti atha kukumenyani kapena kukuthamangitsani, musadziike pamoto, auzeni anesi mmene zilili, funsani za jakisoni kapena mphete zomwe sizisiya botolo pakhomo, ndipo funsaninso komwe mungapeze thandizo pa nkhanzazo chifukwa imeneyonso ndi nkhani yofunika kuithetsa.

Zomwe PrEP siichita

Imateteza ku HIV yokha. Chindoko, chinzonono ndi anzake amalowa bwinobwino, mimba nayonso imabwera. Nde kondomu siinathe ntchito, ndipo amene sakufuna mimba atengeretu njira yolera tsiku lomwelo la PrEP kuti ulendo ukhale umodzi. Ndikudziwa kuti ambiri omwe amafuna PrEP ndi omwewo omwe kondomu imawavuta, sindikukuuzani kuti ngati simugwiritsa kondomu musamwe PrEP, ayi, imwani ndithu. Chomwe ndikupempha nchoti mukapita kukayezetsa miyezi itatu iliyonse muzinenanso ngati mwaona chachilendo, kuwawa pokodza, chikazi chosintha fungo kapena mtundu, kachilonda olo kosawawa. Matenda amenewa pena sasonyeza chizindikiro chilichonse makamaka kwa atsikana, ndipo akakhalitsa amatha kutseka njira ya mazira, nde ngati pamalopo amayeza pemphani akuyezeni.

Kusiya mwadongosolo

Chibwenzi chatha, kapena nonse mwayezetsa ndipo mwagwirizana zokhulupirika, kapena mwangoganiza zopuma. Palibe cholakwika. Koma osasiya mmawa wotsatira mutagonana usiku. Atsikana ndi amayi pitirizani masiku 7 kuchokera tsiku lomaliza kugonana, amuna masiku awiri. Amene ali ndi hepatitis B ayambe waonana ndi adokotala. Pa jakisoni nkhani ndi ina, mankhwala amatsalira m'thupi pang'onopang'ono mpaka chaka kapena kupitirira, osakwanira kukutetezani koma okwanira kuphunzitsa kachilombo kupirira mukakatenga nthawi imeneyo. Nde mukasiya jakisoni chiopsezo chikadalipo, lowani pa mapilisi kapena njira ina pa tsiku lomwe munayenera kubayidwa, ndipo muziyezetsabe. Tsiku lodzayambiranso, olo botolo lakale likadali ndi mapilisi, yambani mwayezetsa kaye.

Zikachitika musanayambe PrEP

Kondomu yaphulika, munaledzera simukukumbuka bwino, kapena wina wakugwirirani. Apa mankhwala ake ndi PEP. Ndi ma ARV omwe umamwa masiku 28 osadumphitsa, ndipo ayenera kuyambidwa mkati mwa maola 72, koma maola 72 amenewo ndi malire chabe, mukayamba tsiku lomwelo ndi pomwe amagwira bwino kwambiri. Musadikire kuti kuche Lolemba, musadikire kuona ngati mudwale, pitani ku chipatala chomwe chili chotsegula olo ndi usiku ndipo pofika nenani kuti mukufuna PEP ndi ola lomwe zachitika kuti asakuikeni kumapeto kwa mzere. Atsikana funsaninso mapilisi oletsa mimba a pangozi nthawi yomweyo. Ngati mwagwiriridwa, mlandu si wanu olo pang'ono, kaya munavala chani kaya munali kuti, ndipo pitani kuchipatala msanga olo simunaganize zokanena kupolisi, maola aja sadikira.

Mukamaliza masiku 28 akuyezaninso, ndipo adzakuuzani tsiku lina lodzatsimikiza. Ngati mukuona kuti zomwe zinachitikazo zitha kuchitikanso, kapena aka si koyamba kumwa PEP, auzeni anesi musanamalize botolo kuti mukufuna kupitirira pa PrEP, munthu amatha kumaliza PEP lero mawa nkuyamba PrEP popanda tsiku lodumpha pakati.